Eyakoni imazizira m'mawa, masana n'kuleka: ndi gasi, kompuresa kapena magetsi?

Funso

"Zikomo bambo. Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Matawale konkuno ku Zomba, ndipo ndili ndi Toyota Corolla ya 2003 yomwe ndinagula kwa munthu wina. Eyakoni yake yandizunguza mutu. M'mawa ndikamanyamuka imazizira bwinobwino, koma ndikayenda mphindi 15 kapena 20, makamaka dzuwa likakwera, imayamba kutulutsa mpweya wofunda ngakhale kagetsi ka A/C kakuyakabe. Ndikaimika galimoto pamthunzi kwa ola limodzi, imayambanso kuzizira. Gasi ndathiritsa kawiri chaka chino koma palibe chasintha. Chinanso, fani ya m'kati imangozungulira ndikaika pa 4 basi, pa 1, 2 ndi 3 pamangoti zii. Makaniko wina akuti ndigule kompuresa ina, wina akuti angondilumikizira dayirekiti n'kundiikira kaswichi. Okutobala wayandikira ndipo ndimapita ku Liwonde kawirikawiri kukaona makolo. Ndipange bwanji?"

Yankho

Aphunzitsi, mtima pansi. Pa zonse mwalembazi, chomwe chandipatsa chiyembekezo ndi chakuti m'mawa eyakoni yanu imazizira bwinobwino. Kompuresa yomwe yatheratu m'kati siyidzuka m'mawa uliwonse n'kugwira ntchito yabwino mphindi 20 kenako n'kupumula. Ngati ikutha kukupatsani mpweya wozizira kuchoka ku Matawale mpaka m'tauni, ndiye kuti mphamvu yopopa ikadali nayo, ndipo gasi alimo. Choncho ndalama ya kompuresa ija yambani mwaisunga. Chofunika kupeza ndi chimene chikuiletsa kuzungulira galimoto ikatentha, ndipo pa zaka zomwe ndakhala ndikukonza zamagetsi a galimoto, yankho la funso lotere kawirikawiri limapezeka pa kanthu kakang'ono ndi kotsika mtengo.

Kuti timvane bwino, ndiyambe ndafotokoza njira yomwe moto umadutsa. Kompuresa, pampu yomwe imazunguliza gasi m'mapaipi a eyakoni, imayendetsedwa ndi lamba wochokera ku injini, koma sikuti imapopa nthawi zonse. Gudumu lomwe lamba amadutsapo limazungulira lokha, ndipo kutsogolo kwake kuli kambale kachitsulo kolumikizidwa ku kompuresayo. Kumbuyo kwa gudumu kuli koyilo, waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri. Moto ukafika pa koyilo, imasanduka maginito n'kukoka kambale kaja kuti kamatirire ku gudumu. Apo ndi pomwe mumamva kaphokoso kakuti "ta!" mukadina batani la A/C, ndipo zonsezi pamodzi ndi zomwe timatcha klachi ya kompuresa. Koma moto usanafike pa koyilo umadutsa malo angapo: pa fyuzi, pa batani lomwe mumadina, pa kompyuta ya galimoto kapena kabokosi kolamulira eyakoni, ndi pa relay, kaswichi koyendera magetsi komwe kamatsegulira moto wopita ku koyilo. Kompyutayo nayo siyivomera chisawawa. Imayamba yafunsa swichi ya presha ngati gasi sanachepe kapena kuchuluka mphamvu, imafunsa kasensa ka m'kati mwa dashibodi ngati simunayambe kuundana, imaonanso ngati injini siyinatenthe kwambiri. Chimodzi mwa izi chikakana, klachi siyigwira. Kagetsi ka pa batani kamangokuuzani kuti mwapempha eyakoni, sikakuuzani kuti pempho lafika.

Madzi akasiya kutuluka pampopi wa kunyumba kwanu, simuthamangira kukagula mpopi watsopano. Mumaona pa mita, mumafunsa kwa aneba, mumatsatira paipi, chifukwa madziwo achokera kutali ku damu la Mulunguzi ndipo angathe kutsekeka paliponse. Motonso timautsatira chimodzimodzi, ndipo ntchito yoyamba mungaigwire nokha popanda sipanala.

Tsiku lomwe vutoli lachitika, musadikire kuti mufike kunyumba galimoto izizire, chifukwa ikazizira umboni wonse umathawa. Imani pamalo abwino, kokani handibuleki, siyani injini ikulira, A/C ndi fani ya m'kati zili zoyatsa, tsegulani boneti. Ngati mwavala tayi ilowetseni m'malaya, ndipo manja akhale kutali ndi lamba komanso fani, poti fani ya magetsi imayamba kuzungulira yokha mosachenjeza. Yang'anani kumaso kwa kompuresa. Kambale ka pakati kaja kakuzungulira limodzi ndi gudumu, kapena kangoima pomwe gudumu likuzungulira? Yang'ananinso fani ya kuseri kwa radiyeta: ikuzungulira mwamphamvu, mwaulesi, kapena yaima? Ndipo musanatsike, ikani dzanja potulukira mpweya m'kati mwa galimoto mumve ngati ukutuluka wamphamvu koma wofunda, kapena ngati mphamvu yakenso yachepa. Mayankho a mafunso atatuwa amadula ntchito ya makaniko ndi theka.

Mpweya ukakhala kuti wachepa mphamvu pang'onopang'ono mutayenda ulendo wautali, kenako mukaimika galimoto pansi pake n'kudontha madzi ambiri kuposa masiku onse, ndiye kuti m'kati munaundana ayezi mpaka kutseka njira ya mpweya. Kasensa kaja kamayenera kuzimitsa kompuresa kuzizira kukafika cha m'ma 3°C, ndipo kakasokonekera kapena kakachoka pamalo pake, zimatero. Koma malinga ndi momwe mwafotokozera, ine ndikuganiza kuti mudzapeza mpweya uli wamphamvu koma wofunda, kambale katangoima. Ngati zili choncho, funso lotsatira ndi limodzi: kodi moto ukufika pa waya wolowa mu koyilo kapena ayi? Apa pafunika multimeter (kachipangizo koyezera magetsi), kapena wa zamagetsi yemwe angavomere kuyenda nanu mpaka vutolo litaonekera.

Tiyerekeze kuti moto ukufika koma kambale sikakukokedwa. Ili ndi vuto lomwe ndimakumana nalo kwambiri pa galimoto za msinkhu wa yanuyi, ndipo ndi lomwe limagulitsa anthu makompuresa popanda chifukwa. Pakati pa kambale ndi gudumu pamayenera kukhala kampata kakang'ono, kawirikawiri pakati pa 0.3 ndi 0.6 mm. Nthawi iliyonse klachi ikagwira, zitsulo ziwirizi zimakhulana pang'ono, ndipo pakatha zaka 20 kampata kaja kamakhala katakula, mwina kufika 0.8 mm kapena kupitirira. Maginito amafooka msanga mtunda ukangowonjezeka pang'ono. Tsono waya wa kopa uli ndi khalidwe lakuti ukatentha umakaniza moto: koyilo ikachoka pa 20°C kufika pa 100°C, kukaniza kwake kumakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo moto wodutsa umachepa. M'mawa koyilo ili yozizira imakoka kambale ngakhale kali patali. Eyakoni imayenda n'kumadzizimitsa ndi kudziyatsa monga mwa nthawi zonse, mpaka nthawi ina, m'boneti mutatentha, kompyuta ikutumiza moto koma maginito alephera kufikira kambale. Mukaimika pamthunzi ola limodzi, koyilo yazizira, zonse n'kuyambiranso. Mukuona momwe zikufananira ndi nkhani yanu?

Wodziwa ntchito amatsimikiza izi m'njira ziwiri. Amayeza kampatako ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mipata) injini ili yozima. Ena, vuto litaonekera, amagogoda kambale pang'ono ndi kamtengo katali, ndipo kakangogwira nthawi yomweyo n'kuyamba kuzizira, mlandu watha. Njira yachiwiriyi musaiyese nokha, kamtengo kakakodwa mu lamba kangakuvulazeni. Kukonza kwake n'kosavuta: amamasula bawuti ya pakati, kuchotsa kambale, n'kuchotsa kapena kusintha kawasha kopyapyala komwe kamakhala kuseri kwake kuti kampata kabwerere m'malo. Pa galimoto zambiri izi zimatheka kompuresa ili pomwepo, osatulutsa gasi ngakhale pang'ono. Chenjezo n'lakuti kampata kasachepenso kwambiri, chifukwa kambale kamayamba kukhula gudumu eyakoni ili yozima n'kutenthetsa bering'i.

Koyilo nayo imatha kufa payokha. Yabwino, ikakhala yozizira, imawerenga ma ohms (muyezo wa kukaniza moto kuja) apakati pa 3 ndi 5 pa galimoto zambiri, ndipo imadya ma amps atatu kapena anayi. Ikawerenga pansi kwambiri ndiye kuti yachita shoti m'kati, ndipo ndiyo imapsereza fyuzi. Ikapanda kuwerenga kalikonse yaduka. Pali zina zomwe zimaduka zikatentha n'kulumikizikanso zikazizira, n'chifukwa chake ndimalimbikira kuti iyezedwe kawiri, yozizira ndi yotentha. Koyilo kapena klachi yonse imasinthika payokha, ndipo yochokera pa kompuresa ina yakufa ya mtundu womwewo imagwira ntchito bwinobwino.

Apa ndiime pang'ono pa nkhani ya kuyeza, chifukwa ndi pomwe ngakhale anyamata odziwa ntchito amapusitsika. Multimeter imadya moto wochepa kwambiri. Mukazula pulagi ya koyilo n'kuyeza, ikhoza kuonetsa 12V kapena 13V ngakhale waya utatsala ndi kaulusi kamodzi, kapena pulagi ili yodzaza dzimbiri lobiriwira. Munthu amaona nambalayo n'kunena kuti moto ukufika, koyilo yafa. Koma koyilo ikalumikizidwa n'kufuna ma amps ake, moto uja umagwa mpaka 8V kapena 9V, osakwanira kukoka kambale. Choncho kuyeza koona kumachitika pulagi ili yolumikiza, klachi ikuitanidwa, ndipo nambala ya pa koyilo isasiyane ndi ya pa batire kupitirira volt imodzi. Njira ina yomwe ndimaikonda ndi kulumikiza babu la indiketa la 21W m'malo mwa koyilo. Likawala mwamphamvu njira ili bwino, likangofiira pali polumikizira powola. Babu lotereli ndi la pa waya wa koyilo basi, lisakhudze mawaya opyapyala opita ku kompyuta. Musaiwalenso mbali ya earth, njira yomwe moto umabwerera ku batire. Koyilo zambiri zimabweza moto kudzera m'thupi la kompuresa ndi injini, ndiye waya wonenepa wolumikiza injini ku thupi la galimoto ukachita dzimbiri kapena ukaiwalika atatsitsa giyabokosi, zinthu zambiri zimayamba kuchita zachilendo. Batire ndi alternator ziyezedwenso: injini ili yozima batire labwino limakhala cha pa 12.6V, ikulira pakhale pakati pa 13.8V ndi 14.4V, ndipo zisagwe kwambiri mukayatsa magetsi akutsogolo, fani ndi eyakoni nthawi imodzi.

Nanga ngati moto sukufika n'komwe pa koyilo? Woyamba kumukayikira ndi relay. Ili m'kabokosi kakuda ka mafyuzi m'boneti, ndipo pa ma Toyota ambiri pachivindikiro pamalembedwa MG CLT. M'kati mwake muli timapointi tiwiri tomwe timagundana nthawi iliyonse kompuresa ikuyaka, ndipo pa zaka zonsezi tagundana kosawerengeka. Timapsa, timada, ndipo tikatentha timasiya kudutsitsa moto ngakhale relay ikumveka kuti "ta". Kuyesa kwake n'kwaulere. M'kabokosi momwemo nthawi zambiri mumakhala relay ina yofanana nayo ndendende, monga ya hutala. Injini ili yozima, onetsetsani kuti nambala ndi miyendo yake zikufanana, zisinthanitseni, muyende masiku awiri. Vuto likatha, mwapeza wolakwa, kagulireni yatsopano n'kubwezera ya hutala m'malo mwake. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi zimenezi mawa lomwe.

Za fyuzi sindichulukitsa, chifukwa fyuzi ikapsa yapsa, siyidzukanso m'mawa, ndiye siyingakhale gwero la vuto lanu. Komabe izuleni muone ngati miyendo yake yada kapena pulasitiki yasungunuka, poti malo olowetsamo akakhwepa amatentha n'kumadula moto. Ndipo ikadzapsa tsiku lina, bwezeranimo ya nambala yomweyo: yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yobiriwira 30A. Kuikamo yaikulu, kapena kukulungapo kawaya, ndi kusamutsira kutentha kuja ku mawaya a kuseri kwa dashibodi komwe simungakuone.

Relay ikakhala yabwino koma sikulandira lamulo loti igwire, ndiye kuti kompyuta ikukana dala, ndipo ili ndi chifukwa. Apa ndi pomwe nkhani ya gasi wanu wothiridwa kawiri ikundidetsa nkhawa. Swichi ya presha imazimitsa kompuresa mbali ziwiri: presha ikatsika kufika cha m'ma 2 bar, kutanthauza kuti gasi watha, komanso ikakwera kupitirira 30 bar, pomwe mapaipi angaphulike. Eyakoni ya galimoto siyidya gasi ngati momwe injini imadyera petulo. Ngati palibe pobowoka, gasi amakhala zaka. Tsono ngati munathiritsa kawiri pomwe vuto silinali kuchepa kwa gasi, n'kutheka kuti tsopano alimo wopitirira muyezo. Ngatinso wothirayo sanayambe wapopa mpweya wa m'mapaipi ndi vacuum pump, mwalowa mpweya wamba ndi chinyezi. Zonse ziwirizi zimakweza presha. M'mawa kuno ku Zomba kumakhala kozizirira, presha imakhala pansi pa malire. Dzuwa likakwera, kapena mukatsikira ku Liwonde komwe kumatentha kwambiri kuposa kuno, presha imagunda malire, swichi n'kuchita ntchito yake. Pamenepa magetsi alibe mlandu, akukutetezani.

Anthu ambiri sadziwa kuti geji yokha siyinena kuchuluka kwa gasi injini ili yozima. Galimoto yanu imagwiritsa ntchito R134a, ndipo gasi ameneyu, malinga ngati m'mapaipi mwatsala wamadzimadzi ngakhale pang'ono, amaonetsa presha yofanana, cha m'ma 6 kapena 7 bar kunja kukakhala 30°C, kaya alimo theka kaya wodzaza. Muyezo weniweni ndi kulemera. Pansi pa boneti kapena chapafupi ndi radiyeta pamakhala kapepala konena mtundu wa gasi ndi magalamu ake, ndipo pa galimoto zing'onozing'ono ngati Corolla amakhala chapafupi ndi theka la kilo. Wothira gasi wopanda sikelo akungoyerekeza. Eyakoni ikamayenda bwino, geji ya mbali yotsika (paipi yolowetsa gasi mu kompuresa) imakhala cha pakati pa 1.5 ndi 2.5 bar, ya mbali yokwera (paipi yotuluka mu kompuresa) cha m'ma 14 mpaka 16 bar, ndipo imakwererako tsiku lotentha kwambiri. Makaniko akalumikiza mageji n'kudikira mpaka vuto lichitike, adzaona ndi maso ngati singano ya mbali yokwera ikuthamangira kumwamba kompuresa isanazime.

Chinanso chokweza presha ndi fani ija ndakuuzani kuti muyang'ane. Kutsogolo kwa radiyeta kuli kondensa, komwe gasi amatayira kutentha komwe watenga m'galimoto. Mukamathamanga pa msewu wa M3 mphepo imaiziziritsa yokha, koma mukaima pamzere pa depoti kapena pamsika, zonse zimadalira fani. Galimoto zina zili ndi mafani awiri, zina imodzi yokhala ndi maliwiro awiri. Mota yake ikakalamba, makala a m'kati (timabulashi todutsitsa moto) amatha ndipo imayamba kuzungulira mwaulesi kapena kumaima ikatentha. Chizindikiro chake n'chakuti eyakoni imazizira mukamathamanga, n'kufunda mukaima. Taonani ngati zanu zimatero. Kondensa nayonso imatsekeka ndi fumbi, udzu, tizilombo ndi matope, makamaka kwa oyenda misewu yafumbi ya kumidzi ngati yolowera ku Kachulu ku nyanja ya Chirwa. Itsukeni ndi madzi a paipi wamba, osati makina otsukira amphamvu aja, chifukwa amapinda tizipsepse take topyapyala.

Palinso kuzima kwina komwe sikuli vuto. Mukaponda mafuta mpaka pansi, monga pokwera phiri kupita ku Ku Chawe kapena podutsa lole, kompyuta imazimitsa kompuresa kwa kanthawi kuti mphamvu yonse ipite kumatayala. Imateronso injini ikayamba kutentha mopitirira. Choncho nthawi yomwe eyakoni yafunda, ponyani diso pa geji ya kutentha kwa injini. Ngati singano yakwera, iwalani kaye za eyakoni, vuto lalikulu lili ku radiyeta, thermostat kapena pampu ya madzi. Ndipo pa ma Toyota omwe ali ndi sensa yowerenga liwiro la kompuresa, kagetsi ka A/C kakayamba kuphethira, kakutanthauza kuti liwiro la kompuresa silikugwirizana ndi la injini: mwina lamba akuterereka, relay yafooka, kapena kompuresa ikulimba. Kanu mwati kamangoyaka osaphethira, ndiye tisataye nthawi pamenepo.

Tsopano za dayirekiti. Aphunzitsi, chonde musalole. Ndikumvetsa chifukwa chomwe makaniko ananenera, n'zachangu, n'zotsika mtengo, ndipo tsiku loyamba mumachoka pagalaja mukuzizidwa. Koma waya wochoka ku batire kudzera pa kaswichi mpaka pa koyilo umalumpha chitetezo chonse chomwe ndafotokozachi. Gasi akadzatha, kompuresa idzazungulirabe, ndipo popeza oyilo wake amayenda limodzi ndi gasi, idzauma n'kugwirana. Ikagwirana imamwaza tizidutswa ta chitsulo m'mapaipi onse, ndipo kukonza kwake kumafuna kompuresa, kondensa, valavu ndi kutsuka njira yonse. Pa injini zambiri lamba wa kompuresa ndi yemwenso amayendetsa alternator ndi pampu ya madzi, ndiye akaduka muli pakati pa Malosa ndi Liwonde, galimoto yonse yaima. Fani ikadzafa, presha idzakwera popanda choiletsa mpaka paipi kapena valavu yotetezera itatulutsa gasi. M'kati mudzaziundana. Mukadzaiwala kuzimitsa kaswichi madzulo, koyilo idzadya batire usiku wonse. Ndalandirapo galimoto zambiri zomwe zinalumikizidwa chonchi, ndipo eni ake amadzalipira kuposa momwe akanalipirira kufufuza vuto loyamba lija. Komanso ngati vuto lanu ndi kampata ka klachi kapena koyilo yofooka, dayirekiti siyithandiza n'komwe, chifukwa moto ukufika kale.

Kupatsa koyilo moto wa batire kwa masekondi ochepa, kudzera pa waya wokhala ndi fyuzi, pofuna kumva ngati klachi ikugwira, imeneyo ndi njira yoyesera ndipo tonse timaichita. Kulumphitsa swichi ya presha ndi kawaya nakonso amakuchita poyesa, koma kumafuna kudziwa chomwe uli nacho. Pulagi ya mawaya awiri kapena anayi nthawi zambiri imakhala swichi wamba. Ya mawaya atatu kawirikawiri imakhala sensa yolandira 5V kuchokera ku kompyuta, ndipo kuilumphitsa kungawotche kompyutayo.

Vuto lanu lachiwiri, la fani ya m'kati, ndi losiyana ndi loyamba ndipo ndi losavuta. Kuti fani izungulire pang'onopang'ono pa 1, 2 ndi 3, moto umadutsa mu kachipangizo kotchedwa resistor, komwe kamauchepetsa. Pa 4 moto umalunjika ku mota osadutsamo. Ndiye 4 yekha akamagwira ntchito, resistor yapsa, kapena pulagi yake yasungunuka. Kamakhala pansi pa dashibodi mbali ya pasenjala, pafupi ndi mota ya fani, komangidwa ndi timasikuluu tiwiri. Koma musangosintha n'kuchoka. Kachipangizoka kamaziziritsidwa ndi mpweya womwe fani ikukankha, ndiye kamapsa mpweya ukachepa kapena mota ikayamba kulimba n'kumadya moto wambiri. Ngati galimoto yanu ili ndi fyuluta kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa pasenjala, itulutseni muione. Zambiri zomwe ndimatulutsa zimakhala kuti sizinasinthidwepo chichokereni ku Japan. Zungulizani fani ndi dzanja mumve ngati ikuyenda mofewa, ndipo chotsani masamba ndi zinyalala zonse. Pogwira ntchito kumeneko zulani kaye waya wa negative pa batire, ndipo mapulagi achikasu musawakhudze, amenewo ndi a airbag.

Potsegula pamenepo mungapeze chisa cha makoswe, ndipo musadabwe. Galimoto yogona pafupi ndi matumba a chimanga kapena yokhala masiku osayenda imakopa makoswe, ndipo amatafuna mawaya opyapyala a masensa, kusiya kaulusi komwe kamagunda n'kumasiya. Chinyezi cha dzinja la kuno kumunsi kwa phiri nachonso chimadya mapulagi, makamaka ya pa kompuresa yomwe ili pansi, pomwe madzi a mumsewu amathovukira. Popeza galimotoyi munagula kwa munthu wina, muuze wa zamagetsi ayang'anenso ngati pali pomwe ena anadulapo mawaya poika wailesi, alamu kapena magetsi owonjezera. Mawaya ongopotokola ndi manja n'kukulunga tepi amagwira chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako amayamba kutentha ndi kumasuka. Polumikiza pabwino pamafuna sodala kapena kolumikizira kofinya, n'kuvekedwa kachubu kotsekera madzi.

Zomwe mungachite nokha ndi izi ndatchula kale: kuyang'ana kambale ndi fani vuto litachitika, kusinthanitsa relay, kuona mafyuzi, kutsuka kondensa ndi kuona fyuluta. Kupitirira apo pafunika munthu wa zida. Mbali ya gasi musaitsegule nokha ngakhale pang'ono. Gasi akamatuluka amazizira kwambiri moti amawotcha khungu, ndipo akalowa m'maso angathe kuwononga kuona. Posankha wokonza, kaya konkuno kaya ku Blantyre kapena ku Limbe, funsani ngati ali ndi mageji a mbali zonse ziwiri, vacuum pump, sikelo ndi multimeter, ndipo muone ngati akuvomera kudikira kuti galimoto itenthe vuto lionekere asanatchule chogula. Yemwe akutchula mtengo wa kompuresa asanayeze kalikonse, m'thokozeni n'kupita kwina. Onaninso botolo la gasi ndi maso anu kuti palembedwa R134a. Gasi wa m'mafiriji a masiku ano, R600a, amayaka moto, ndipo R22 wa maeyakoni akale a m'nyumba ali ndi presha yokwera kwambiri kuposa yomwe zipangizo za galimoto zinapangidwira. Muuzeni wokonzayo mosabisa kuti gasi anathiridwa kawiri, kuti amuchotse yense, apope vacuum, n'kuthira woyeza pa sikelo.

Pali zizindikiro zina zomwe zikaoneka muzimitse eyakoni pomwepo osaiyatsanso mpaka ataiona: fungo la pulasitiki kapena labala wopsa, utsi wochokera ku kompuresa, lamba kulira mokuwa nthawi yomwe klachi ikugwira, phokoso lokukuta, kapena fyuzi kupsa kachiwiri mutangoisintha. Pamenepo mwina kompuresa ikulimbadi, kapena pali shoti, ndipo kuumiriza kumangokulitsa bilu. Kompuresa tidzaiweruza kuti yafa pokhapokha klachi ikugwira bwino, gasi ali pa muyezo, fani ikuzungulira, koma mageji awiri aja akuonetsa presha yoyandikana, kusonyeza kuti siyikupopanso.

Kwa ena owerenga omwe ali ndi galimoto za hybrid monga Toyota Aqua kapena Prius ya kuyambira 2004, zambiri mwa izi sizikukukhudzani. Kompuresa yanu ilibe lamba kapena klachi, imayenda ndi mota ya magetsi amphamvu kwambiri odutsa m'mawaya a mtundu wa lalanje, omwe angathe kupha munthu. Imafunanso oyilo wakewake wosadutsitsa moto, ndipo kuthiramo oyilo wamba wa eyakoni kumaiwononga. Imeneyo ipite kwa amene anaphunzira za hybrid basi. Omwe muli ndi galimoto zopangidwa chisanafike chaka cha 1994, zambiri zinabwera ndi gasi wakale wa R12 yemwe analetsedwa chifukwa chowononga mlengalenga, ndiye funsani kaye ngati inasinthidwa bwino kuti izilandira R134a musanathiritse.

Kwa inu aphunzitsi, ndondomeko yake ikhale yotere. Mawa sinthanitsani relay. Vuto likabweranso, imani muyang'ane kambale ndi fani, kenako pitani kwa wa zamagetsi galimoto ikadali yotentha, injini osazimitsa, ayeze moto pa koyilo pulagi ili yolumikiza. Moto ukapezeka wokwanira, ayeze kampata ndi ma ohms a koyilo. Ukapanda kupezeka, alumikize mageji aone presha asanayambe kung'amba mawaya. Resistor ya fani mungaisinthe tsiku lomwelo, ndipo ndibwino kutero msanga, chifukwa kuyendetsa mota yokalamba pa 4 tsiku ndi tsiku kumaifulumizitsa kutha. Mukapeza zomwe zapezeka mundilemberenso, makamaka manambala a pa mageji ndi a pa koyilo, tidzaone limodzi ngati pali chotsalira musanayambe maulendo a ku Liwonde.